P-40 yanga yanoka kachitatu popanda wondiwombera. Kodi injini za nthawi ya nkhondo zinalidi zofewa chonchi?

Kamtema40
Abale anga ndithandizeni ndisanaswe joystick yomwe ndinagula ndi ndalama ya chipereganyu. Dzulo pa gemu yathu ya Loweruka ija, ya ndege za pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndinatenga P-40E, ndege ya ku America. Ndanyamuka bwinobwino, ndakwera pang'ono, ndaona Bf 109 ya Germany ikudutsa m'munsi mwanga ngati nkhuku yosadziwa kuti kumwamba kuli kamtema. Ndakankha throttle, chowonjezera moto wa injini, mpaka kumapeto kuti ndiyipeze. Sipanatenge nthawi, galasi lakutsogolo lada bii ndi oyilo, propela yaima njii, ine ulendo wa m'tchire. Palibe anandiwombera. Aka n'kachitatu.

Ndiye ndifunse. Anthu ankamenyeradi nkhondo ndi injini zosachedwa kufa ngati dzira chonchi? Kapena opanga magemu amangobisa wotchi m'kati, kuti ikakwana nthawi injini ife basi?

Mleme109
Vuto si ndege amwene, ndi dzanja. Ndipo nkhuku munkaithamangitsayo ndinali ine. Zikomo chifukwa cha utsi, unali wokongola.

Kamtema40
Inu Mleme khalani chete, ndege yanu imakuchitirani zonse ngati mwana wa bwana.

Spanala_wa_Kanengo
A Kamtema, pano Mleme akunena zoona ngakhale akunena mwachipongwe. P-40E ili ndi injini ya Allison V-1710, masilinda 12, ndipo mtundu umenewo unalibe kachipangizo koletsa mpweya kupyola muyeso. Supercharger imazungulira ndi injini, imapopa mpweya kulowetsa m'masilinda. Mukakhala pafupi ndi nthaka mpweya ndi wambiri kale, ndiye mukatsegula throttle yonse mukuithira mpweya ndi petulo woposa umene inapangidwira. Pali geji yolembedwa manifold pressure, yoyeza kupanikizika kwa mpweya wolowa mu injini. Buku linkati ponyamuka musapyole ma inches 45.5. Inu munayang'anapo pa gejiyo? Ndikhulupirira maso anali pa Mleme.

Chimachitika n'chakuti mpweya ukapanikizika kwambiri umatentha, ndiye petulo m'malo moyaka mwadongosolo kuchokera pa pulagi, wotsalayo amangophulika yekha kamodzi. Pa galimoto mumamva kuti ngwe ngwe ngwe mukamakwera chitunda pa giya yaikulu. Pa ndege simungamve, phokoso ndi lambiri. Mumangozindikira pisitoni itabooka. Ndinatulutsapo pisitoni ya pikapu yakale ya petulo, pamwamba pake panali pokumbikakumbika ngati padyedwa ndi chiswe, m'mphepete mutasungunuka. Mwini wake ankalumbira kuti sanamve kalikonse.

Chokocho
Ndikugwirizana ndi a Spanala pa nkhani ya P-40, koma funso lachiwiri la a Kamtema musalithawe. Wotchi ija ilipodi m'magemu ena, ndipo ine imandinyansa.

Mabuku a oyendetsa ndege ankalembadi malire, monga akuti mphamvu yonse musapyole nayo mphindi 5. Koma tanthauzo lake silinali lakuti pa mphindi ya 6 injini iphulika. Tengani P-51D Mustang ya ku America. Mphamvu ya nkhondo inali 61 pa geji, mphamvu ya pangozi 67, kwa mphindi 5. Pa throttle pankamangidwa kawaya. Kuti ufike pa 67 umayenera kukankha mpaka kawayako kaduke. Ukatera, makaniko akaona kawaya kaduka amadziwa kuti injini yazunzidwa, amaiyendera, amalemba mphindizo m'buku. Zikakwana maola 5 onse pamodzi, injini ankaitsitsa n'kuiphwasula. Mwaona? Maola, osati mphindi. Malire aja anali oteteza moyo wa injini, kuti ifike nthawi yake yokonzedwa, chifukwa injini inali ndalama komanso inkachokera kutali pa sitima.

Ngakhale Allison yomweyo. Mu December 1942 kampaniyo inalemba kalata yonena kuti yamva kuti oyendetsa P-40 ku Australia ndi ku Middle East akuipanikiza kupyola 60, kwa nthawi ndithu, ndipo akubwerera kwawo amoyo. Kampani inadandaula, inachenjeza, koma sinanene kuti injini zikufa pa mphindi imodzi. Ndiye gemu ikatenga nambala ya m'buku n'kuisandutsa bomba la wotchi, yatenga chilembo n'kusiya nkhani.

Mleme109
Aphunzitsi afika ndi choko chawo.

Chokocho
Wina ayenera kukuphunzitsani, poti kwanu anakulekererani.

Gogo_Joystick
Ana inu, ine ndinayamba ndi gemu ya IL-2 Sturmovik yoyamba ija ya 2001, pa kompyuta ya ku ofesi bwana ataweruka, ndiye mkangano uwu ndaumva kwa zaka zoposa 20. A Chokocho, zonse mwanenazi n'zoona, koma mwaiwala chinthu chimodzi: pa gemu palibe mawa. Woyendetsa ndege weniweni ankadziwa kuti ndege yomweyo akwera nayonso mawa, ndipo ngati waiotcha lero ikamuzimira pamwamba pa nyanja. Ankaopanso makaniko wake ndi mkulu wa gulu. Inu ndi ine tikafa timadina batani, ndege yatsopano yabwera, injini yonyezimira. Chotsani wotchiyo muone. Aliyense adzanyamuka pa mphamvu ya pangozi, kuuluka nayo mpaka petulo kutha. Kodi pamenepo ndiye mwayandikira zenizeni? Mwakonza injini n'kuwononga nkhondo.

Wotchi ndi bodza, inde. Koma ndi bodza lomwe limakukakamiza kuchita zomwe munthu weniweni ankachita: kusunga mphamvu, kuyang'ana geji, kuitulutsa pokhapokha zikavuta.

Chokocho
Madala, ndiye bodza likhale labwino chifukwa likutiphunzitsa khalidwe? Vuto lake n'lakuti silikhudza onse mofanana. Dziko lomwe linkalemba mabuku mosamala kwambiri ndiye ndege zake zimalangidwa. Amene analemba malire omasuka, ndege zake zimasangalala. Mapeto ake tikupikisanitsa alembi a mabuku, osati injini.

Mleme109
Musaganize kuti ife a 109 tilibe maliro athu. Injini ya DB 605A ya mu 109G inapangidwa kuti izifika 1.42 ata (muyeso wa a Germany pa geji yomwe ija), koma mapisitoni ankapsa, mpaka akuluakulu analetsa. Kwa nthawi yaitali, mpaka chakumapeto kwa 1943, anthu ankauluka pa 1.30. Pamenepo chiletsocho sichinali cha mlembi wamantha, injini zinkafadi. Hans-Joachim Marseille, katswiri uja wa Germany wa ku chipululu cha kumpoto kwa Africa, sanaphedwe ndi mdani. Pa 30 September 1942 injini ya 109G-2 yake inayamba kufuka, utsi unadzaza m'kati, podumpha anamenyetseka ku mchira wa ndege yake yomwe. Ndiye si malire onse anali ongosungira ndalama.

Nachisale_Spit
Inu ata, uyu inches, Spitfire yanga ya ku Britain imawerenga mapaundi, a Russia mamilimita. Chinthu chimodzi mayina anayi. Tsiku loyamba ndinkafunafuna 45 pa geji ya Spitfire, pomwe imayambira pansi pa ziro.

Bandulo_Yatha
Pepani ndilowetse zina. Inu mukukangana za mapisitoni, ine gemu ya DCS ndakhala ndikuitsitsa kuyambira Lachiwiri. Usiku uliwonse ndimadzuka 12 koloko kudikira bandulo ya usiku. Dzulo itafika pa 80 peresenti magetsi anathima. Alipo ali nayo pa hard drive ku Lilongwe kuno? Ndibwera ndi Fanta.

Spanala_wa_Kanengo
Fanta yokha? Mafayilo amenewo ndi a nkhuku yathunthu ndi chipisi.

Gogo_Joystick
Ndili nayo ine. Koma kompyuta yanu ili ndi RAM yochuluka bwanji? Musavutike ulendo n'kukapeza kuti ikuyenda ngati ngolo.

Bandulo_Yatha
8.

Gogo_Joystick
Mwana wanga, imwani Fantayo nokha.

WapaJoni_262
Kkkkk. Koma kubwerera ku nkhani, amene muli ku Joni kuno kapena mukadzabwera, pitani ku nyumba yosungira zinthu za nkhondo ku Saxonwold, pafupi ndi zoo. Kuli Me 262 yeniyeni, jeti ya Germany, ya mipando iwiri, youluka usiku, ndi tinyanga ta radar kumphuno. Kulinso Fw 190 ndi Bf 109. Ndinaima pafupi ndi 109 ndikudabwa kuti munthu wamkulu ankakwanamo bwanji, mpando wake ndi wothina ngati wa kumbuyo kwa minibasi. Ndipo miyendo yake ili pafupipafupi, mukaiona mumvetsa chifukwa chake timagubuduzika nayo ponyamuka.

Za wotchi zija, 262 ndiye chitsanzo chabwino cha a Gogo. Injini yake ya Jumo 004 inkatha pa maola ngati 25 basi, chifukwa Germany inalibe zitsulo zokwanira zopirira moto monga nickel ndi chromium. Gemu iti imakuonetsani zimenezo? Palibe. Chimene amatipatsa n'chakuti ukakankha throttle mofulumira injini imagwira moto kapena kuzima, zomwe zinalidi choncho. Koma mantha oti injini yomwe wakwerayi yatsala ndi maola awiri, amenewo sitiwadziwa.

Nachisale_Spit
Ine chomwe chinandikopa pa nkhani za injinizi si wotchi ayi. Ndi tsiku lomwe ndinkathamangitsa 109 ndi Spitfire pa gemu ya Cliffs of Dover, iye n'kugwetsa mphuno pansi mwadzidzidzi, ine n'kutsatira. Injini inatsokomola, kuzima kamphindi, utsi wakuda puu, pomwe imadzukanso mnzanga ali kutali. Ndinayesa kompyuta yajama. Kenako ndinamva kuti ndi zenizeni, injini za Merlin za mu Spitfire za 1940 zinali ndi kabuleta, pomwe DB 601 ya mu 109 inkapopera petulo mwachindunji m'masilinda. Anyamata a RAF, gulu la ndege za nkhondo la Britain, anaphunzira kuyamba agudubuza ndege chagada kenako n'kudumphira pansi, kuti petulo asathawe.

Ndipo amene anachepetsa vutoli anali mayi, Beatrice Shilling, injiniya wa ku Farnborough, yemwenso ankathamangitsa njinga zamoto pa mpikisano ku Brooklands. Anapanga kachitsulo kakang'ono ka bowo pakati, kokhala ngati washa, koika pa paipi ya petulo. Kumayambiriro kwa 1941 ankayenda m'mabwalo a ndege ndi kagulu kake kumakaika. Ndimakonda kuwakumbutsa zimenezi abambo a pagulu pano amene amandifunsa ngati joystick ndi ya amuna anga.

Mleme109
Ndinafunsa kamodzi kokha, chemwali, ndipo ndinapepesa.

Nachisale_Spit
Munapepesa nditakugwetsani kawiri.

Spanala_wa_Kanengo
Achemwali, apa mwandifika pamtima, chifukwa kabuleta ndiye ndinakulira. Amene simunaitsegulepo: m'kati muli kambale ka petulo, ndipo m'kambalemo mumayandama kachinthu ngati mpira wa m'thanki ya chimbudzi chogejemula. Petulo akadzaza, kamakwera n'kutseka. Akachepa, kamatsika n'kutsegula. Zonsezi zimadalira kuti pansi pakhale pansi. Ndiye mukagwetsa mphuno mwamphamvu, zinthu zonse zimanyamuka, monga mmene matumbo amachitira basi ikadumpha bampu. Petulo amathawira kudenga la kambale, injini imasowa chakumwa, ndiko kutsokomola koyamba kuja. Koma choopsa ndi chachiwiri: koyandama kaja kasiya kutseka, pampu ikungothira, kambale kasefukira, injini yamizidwa. Utsi wakuda munauona uja ndi umenewo. Kawasha ka mayi aja kankaletsa petulo kudutsa woposa amene injini ingamwe pa mphamvu yonse, ndiye kumizidwako kunachepa. Sikanathetse zonse. Zinatheratu atabweretsa makabuleta opopera ndi mphamvu, opanda koyandama.

Chomwe chimandisangalatsa n'chakuti apa gemu sifunika wotchi. Ingowerengera kumene petulo akupita basi, zotsatira zimabwera zokha. Ndi zomwe a Chokocho akufuna pa injini yonse, ngati ndawamva bwino.

Chokocho
Mwandimva bwino kuposa mmene ndinanenera. Awerengere kutentha kwa madzi, kwa oyilo, kwa mpweya wolowa, mtundu wa petulo. Spitfire ya mu 1940 inakwera kuchoka pa mapaundi 6 ndi kota kufika 12 chifukwa cha petulo wa 100 octane, injini yomweyomweyo. Mu 1944 Merlin 66 inachoka pa 18 kufika 25 ndi petulo wa 150. Ndiye chimene chimapha injini si mphindi, ndi kuphulika kosayenera kuja ndi kutentha. Ziwerengereni zimenezo, wotchi itayeni.

Gogo_Joystick
Kunena n'kosavuta, aphunzitsi. Kuti uwerengere, uyenera kudziwa kuti pisitoni ya DB 605 imayamba kusungunuka pati. Ukamufunsa ndani? Injini zotsala zili m'manja mwa anthu ochepa, ndipo palibe angakulole kuipanikiza mpaka ife kuti iwe ulembe nambala. Eni DCS ali ndi mwayi poti ndi ogwirizana ndi The Fighter Collection ya ku Duxford ku England, yomwe imaulutsa ndege zenizeni za nthawi imeneyo. Koma ngakhale iwo amaziulutsa mozinyengerera, ngati agogo popita ku tchalitchi. Ndiye gawo lomwe tikukanganali, la kumapeto kwenikweni, aliyense amangoyerekeza. Wina amayerekeza ndi wotchi, wina ndi masamu ataliatali, koma onse akuyerekeza.

WakuLeeds
Poti mwatchula Duxford. Ndinapitako chilimwe chatha ndi mwana wanga. Abale, phokoso lija mahedifoni sangalikwanitse. Spitfire ikamadutsa simumva ndi makutu okha, chifuwa chimanjenjemera. Ndipo poiliza imayamba ndi kutsokomola, malawi kutuluka m'mapaipi, fungo la petulo ndi oyilo wopsa kufika pomwe tinaima. Mwana anagwira makutu, ine misozi. Chinanso ndinaona, akangoliza sachedwa pansi, amapita msangamsanga kukanyamuka.

Nachisale_Spit
Eya, imawira ikakhala pansi. Zoyambirira zija zili ndi redieta imodzi pansi pa phiko lakumanja, ndipo mwendo wa tayala umatchinga mphepo. Ine ndinaphikapo injini ndili pamzere kudikira anzanga atatu omwe ankakangana za amene atsogole.

Spanala_wa_Kanengo
Ngati minibasi pa chitunda cha Golomoti, kondakitala atanyamula chigubu cha madzi. Komanso chitunda chomwecho chikuphunzitsani za supercharger. Galimoto yopanda turbo ikafika ku Dedza imakhala yafooka poyerekeza ndi kunyanja, chifukwa mpweya wapepuka. Ndiye ganizani mamita 6,000, kumene mpweya watsala pafupifupi theka. Allison ya mu P-40 inali ndi supercharger imodzi ya giya imodzi, ikakwera imapuma wefuwefu. Merlin 61 ya mu Spitfire IX, ya 1942, anaiika ziwiri zotsatizana ndi choziziritsa mpweya, ntchito ya Stanley Hooker. Mustang inasanduka ndege ina itachotsedwa Allison n'kuikidwa Merlin yopangidwa ndi Packard. A Kamtema, ndege yanuyo ndi ya m'munsi, musamakwere nayo kukasaka Mleme kumwamba.

Kamtema40
Ndamva. Koma tsono manja ndi awiri. Throttle, propela, kasakanizidwe ka petulo, zitseko za redieta, kwinaku ndikuyang'ana kumbuyo. Zonsezi pa keyboard, chifukwa joystick yanga ili ndi mabatani anayi. Mleme amangokankha chimodzi.

Mleme109
Ndiye nzeru zimenezo. Ndipo Fw 190 inaposa apo. Injini yake ya BMW 801 inali ndi bokosi lotchedwa Kommandogerät, lopanda waya wa kompyuta, magiya ndi oyilo basi, lomwe linkasankha lokha petulo, propela, giya ya supercharger ndi nthawi ya moto wa mapulagi. Woyendetsa dzanja limodzi, maso kunja. Wa Yak-1 ya Russia ankasintha zonsezo yekha. Gemu ikakupatsani zonse zochitika zokha, monga War Thunder imachitira ukapanda kusankha kuziyendetsa wekha, ndiye kuti yalanda a Germany mwayi womwe anali nawodi, n'kuugawira aliyense.

Chokocho
Koma keyboard imawonjezanso chilango chomwe kunalibe. Munthu weniweni ankagwira chitsulo osayang'ana, dzanja limadziwa pomwe chili, ngati dalaivala ndi giya. Ife timasakasaka Shift ndi kachilembo mumdima. Ndiye mwayi wa 190 pa gemu ndi waukulu kuposa weniweni.

Mleme109
Gulani throttle ya mabatani.

Kamtema40
Mundigulire ndinu.

Gogo_Joystick
Amene anayandikira zomwe ndimafuna ine ndi kampani ya A2A, ndi zija ankazitcha Accu-Sim pa gemu ya FSX. Kunalibe kuwomberana, koma ndege imakumbukira. Ukaisiya ikulira pang'onopang'ono nthawi yaitali mapulagi amada, mawa imayamba movuta. Ukaizunza lero, sabata yamawa upeza oyilo akuchepa, ukatsegula tsamba la galaja akuuza kuti silinda yakuti yafooka. Ndinali ndi Spitfire yanga imodzi kwa miyezi, ndinkaidziwa ngati njinga yanga. Tsiku lomwe ndinaiwononga ndinakhumudwa zenizeni, mayi a kunyumba mpaka anafunsa ngati kuntchito kwagwa zovuta. Zimenezo aziike pa seva ya nkhondo: munthu apatsidwe ndege imodzi sabata yonse. Waiotcha Lolemba, uuluka nayo yotsokomola mpaka Lachisanu. Muone ngati wina adzafunenso wotchi.

WapaJoni_262
Anthu adzathawa seva imeneyo tsiku lachiwiri, madala. Munthu waweruka kuntchito watopa, ali ndi ola limodzi, mukumupatsa ndege yodwala?

Gogo_Joystick
Otsalawo ndi amene ndikufuna kuuluka nawo.

Nachisale_Spit
Mutsala awiri ndi a Chokocho, mukuwerengerana mabuku.

Bandulo_Yatha
Ine ndikadali pa 80 peresenti.

Kamtema40
Ndabwera ndi lipoti. Usiku wathawu ndinamata kapepala pamwamba pa sikirini: YANG'ANA GEJI. Ndanyamuka pa 45, ndabweza throttle, ndatsegula zitseko za redieta pokwera, ndatseka pang'ono nditafika. Mphindi 40 injini ikulira bwinobwino, ndinagwetsanso Ju 87 imodzi, ngakhale ndikuganiza kuti inali yovulala kale. A Spanala, Fanta ija ndi yanu.

Kenako mtima unakula, ndinati ndiyese Spitfire XIV. Ndaponda phazi lakumanja ponyamuka monga ndimachitira nthawi zonse, ndege yangokhotera kumanja komweko, yazungulira, phiko pansi, ndalowa mu hema. Chinanso chawonongeka n'chiyani?

Nachisale_Spit
Palibe chawonongeka. XIV ili ndi injini ya Griffon, osati Merlin, ndipo propela yake imazungulira mbali inayo. Pondani lakumanzere.

Mleme109
Muhemamo munali anthu?